Zoyeza pa nsanja zikusiyana ndi zowerengera: kodi khofi wothiriridwa amafuna madzi ochuluka bwanji?

Mthirira_Khofi:
Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene munayezapo madzi m'minda ya khofi yothiriridwa. Ndimathandiza kuyang'anira munda wa khofi wa Arabica umene timathirira ndi mapaipi odontheza madzi, ndipo nyengo ino tinaimika nsanja ya eddy covariance (nsanja yokhala ndi zipangizo zoyeza mphepo, kutentha ndi nthunzi ya mumpweya) pakati pa mundawo kuti tidziwe kuchuluka kwa madzi amene amachoka m'nthaka ndi m'masamba kupita mumlengalenga. Zinthu ziwiri zikundisowetsa mtendere. Choyamba, ndikaphatikiza mphamvu imene yatenthetsa mpweya ndi imene yasandutsa madzi kukhala nthunzi, sizikukwana pa mphamvu imene mundawo walandira kuchokera ku dzuwa, ngakhale nditachotsa kale imene yalowa m'nthaka. Pakusowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Chachiwiri, madzi amene nsanjayo ikuonetsa ndi ochepa poyerekeza ndi amene ndimapeza ndikachulukitsa ETo (madzi amene kapinga wothiriridwa bwino angataye m'nyengo ya tsikulo) ndi Kc wa 0.95 (nambala yosinthira chiwerengerocho kuti chigwirizane ndi mbewu), ndipo kusiyanaku kumakula pa masiku otentha ndi ouma. Kodi ndichepetse madzi othirira motsatira nsanja, kapena ndipitirize kutsatira mawerengedwe amenewa a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi?

Dontho_ndi_Dontho:
Musanachepetse kanthu, tiuzeni msinkhu wa mitengoyo, kutalikirana kwake, chimene chili pakati pa mizere, ndiponso malo amene nsanjayo yaima.

Mthirira_Khofi:
Zikomo a Dontho_ndi_Dontho. Mitengoyo ili ndi zaka zinayi ndipo masamba ake sanakumane pakati pa mizere. Mizere yatalikirana mamita 3, mitengo mumzere yatalikirana mita imodzi, ndipo pakati pa mizere timapalira, palibe udzu. Zipangizo zili mamita awiri pamwamba pa nsonga za mitengo. Kumbali imene mphepo imachokera kawirikawiri, munda umathera pa mamita 150, ndipo kutsidya kwake kuli malo ouma osalimidwa. Timbale toyezera kutentha kolowa m'nthaka tinatikwirira pansi pa mitengo, pafupi ndi paipi.

Woyeza_Mphepo:
Ndiyankhe kaye funso loyamba, chifukwa ndi limene limadetsa nkhawa anthu ambiri akangoyamba ntchito imeneyi. Munda tingauyerekeze ndi buku la ndalama zolowa ndi zotuluka. Zolowa ndi mphamvu yotsala pamene mwatenga cheza chonse chofika pamunda n'kuchotsapo chimene masamba ndi nthaka zabweza kumwamba, ndipo imeneyi ndiyo imayezedwa ndi net radiometer. Zotuluka zili m'njira zitatu zikuluzikulu, zomwe ndi kutenthetsa mpweya, kusandutsa madzi kukhala nthunzi, ndi kutenthetsa nthaka. Mphamvu imene mtengo umagwiritsa ntchito popanga chakudya chake ndi yochepa kwambiri moti ambiri saiwerengera n'komwe.

Kusakwana kumene mwaona si kwachilendo. Pa nsanja zambiri za eddy covariance padziko lonse, zotuluka zimaperewera ndi 10 mpaka 30 peresenti, choncho gawo limodzi mwa asanu lili pakati penipeni pa zimene anthu amapeza. Zifukwa zake ndi zingapo. Chipangizo choyezera mphepo chimawerenga maulendo 10 kapena 20 pa sekondi imodzi, ndipo zotsatira zake timaziika m'magulu a mphindi 30, koma pali mafunde aakulu a mpweya amene amayenda pang'onopang'ono moti sagwidwa mokwanira m'mphindi 30 zimenezo. Komanso net radiometer imaona kamalo kakang'ono kamene kali pansi pake, pamene nthunzi imene nsanja ikuyeza yachokera pamalo aakulu akumbali kumene mphepo ikuchokera. Zipangizo ziwirizi sizikuyang'ana munda wofanana ndendende.

Tsono kusakwanako kuli ndi mtengo wake m'madzi. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika mphamvu yokwana pafupifupi 2.45 MJ (megajoule, muyeso wa mphamvu), ndipo lita imodzi pa sikweya mita imodzi ndiye milimita imodzi. Tiyerekeze kuti pa tsiku munda walandira 15 MJ pa sikweya mita ndipo 3 MJ sizikuoneka kumene zapita. Zikanakhala kuti 3 MJ zonsezo zinapita ku nthunzi, ndiye kuti nsanja yabisa mamilimita 1.2, omwe ndi makyubiki mita 12 pa hekitala tsiku lililonse. N'chifukwa chake si bwino kuthirira motsatira chiwerengero chosakonzedwa. Njira imene ambiri amatsata ndi kugawa mphamvu yosowayo pakati pa kutentha kwa mpweya ndi nthunzi molingana ndi mmene ziwirizo zinagawikira pa zimene zayezedwa.

Mlimi_Wakale:
Zonsezi n'zanzeru, koma ine sindikuona chifukwa choimikira nsanja pofuna kudziwa ngati khofi ali ndi ludzu. Kumbani pafupi ndi mizu, finyani dothi m'manja, yang'anani masamba m'mawa, mudziwa zonse.

Dontho_ndi_Dontho:
A Mlimi_Wakale, dzanja limakuuzani ngati dothi lili ndi chinyezi lero, koma silingakuuzeni kukula kwa damu kapena pampu imene munda wa mahekitala ambiri udzafune m'mwezi wotentha kwambiri. Pamenepo pamafunika chiwerengero.

Mlimi_Wakale:
Pa damu ndi pampu ndikuvomereza. Koma funso linali lakuti achepetse madzi kapena ayi, ndipo yankho la funso limenelo lili pa mizu.

Bowen_1926:
Ine ndikanalangiza kuti agwiritse ntchito njira ya Bowen ratio, imene maziko ake anaikidwa ndi Ira Bowen mu 1926. Mumayeza kutentha ndi chinyezi cha mpweya pa misinkhu iwiri pamwamba pa mbewu, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kumakuuzani mmene mphamvu yagawikira pakati pa kutenthetsa mpweya ndi kuulutsa madzi. Zipangizo zake n'zosavuta kusamala, ndipo palibe mphamvu imene imasowa, chifukwa mawerengedwe ake amagawa mphamvu yonse imene ilipo. Gutiérrez ndi Meinzer anaigwiritsa ntchito pa mizere ya khofi wothiriridwa ku Hawaii m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1994, choncho si njira yachilendo pa mbewu imeneyi.

Woyeza_Mphepo:
Pepani a Bowen_1926, apa ndisiyana nanu pang'ono. Kunena kuti palibe mphamvu imene imasowa n'zoona, koma zili choncho chifukwa njirayo imayamba ndi kuvomereza kuti zolowa ndi zotuluka n'zofanana. Ngati net radiometer yapendekeka kapena yadetsedwa ndi fumbi, cholakwikacho chimalowa chonse m'chiwerengero cha madzi popanda chizindikiro chilichonse. Pa eddy covariance kusakwanako kumaonekera, ndipo munthu amachenjezedwa. Chinanso, pamwamba pa mitengo ngati khofi mpweya umasakanikirana kwambiri, moti kusiyana kwa kutentha pakati pa misinkhu iwiriyo kumakhala kochepa zedi, nthawi zina kosakwana theka la digiri. Zipangizo ziwirizo zikangosemphana pang'ono, zotsatira zimasokonekera, ndipo ndi chifukwa chake makina ena amazisinthanitsa malo pafupipafupi. Dzuwa likamatuluka ndi likamalowa, chiwerengero cha Bowen, chomwe ndi mphamvu yotenthetsa mpweya yogawidwa ndi youlutsa madzi, chimayandikira -1 ndipo mawerengedwe amapereka manambala osatheka, amene amayenera kutayidwa.

Bowen_1926:
Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo maola amenewo madzi ouluka amakhala ochepa kale, choncho kuwataya sikuwononga chiwerengero cha tsiku. Koma pa mfundo ya net radiometer mwanena zoona, imafunika kupukutidwa ndi kuongoledwa kawirikawiri.

Nthaka_ndi_Madzi:
Pali zinthu ziwiri m'yankho la a Mthirira_Khofi zimene sizinakambidwe. Choyamba ndi mtunda. Lamulo limene anthu amayambira nalo ndi lakuti pa mita iliyonse imene chipangizo chakwera pamwamba pa mbewu, pafunika mamita pafupifupi 100 a mbewu yomweyo kumbali yochokera mphepo. Zanu zili pa mamita awiri, ndiye mukufunika mamita 200, koma muli ndi 150. Masana dzuwa likamaswa mtengo, malo amene nsanja imaona amafupika ndipo mwina mungakwanire, koma m'mawa, madzulo ndi pa masiku a mitambo, gawo lina la mpweya umene mukuyeza lachokera pa malo ouma aja, pamene nthunzi ndi yochepa. Gawani zotsatira zanu motsatira kumene mphepo inkachokera, muone ngati kuperewerako kukufanana mbali zonse.

Chachiwiri ndi timbale ta m'nthaka. Ngati tonse tili pamthunzi pafupi ndi paipi, mukuyeza malo ozizira ndi onyowa okhaokha, pamene pakati pa mizere pali dothi lambulanda limene limamwa kutentha kwambiri masana. Mphamvu yolowa m'nthaka mukuichepetsa, ndipo mwina mbali ina ya gawo losowalo ili pamenepo. Ikani tina pakati pa mizere, ndipo muyezenso kutentha kwa dothi limene lili pamwamba pa timbaleto, chifukwa nalonso limasunga mphamvu imene kambale sikaiona. Pa chiwerengero cha tsiku lathunthu nkhaniyi imachepa, popeza nthaka imabweza usiku zambiri zimene inalandira masana, koma pa mphindi 30 zilizonse ndi yaikulu.

Tsamba_Lobiriwira:
Ine ndikufuna kulowa m'funso lachiwiri, chifukwa ndikuona kuti pamenepo nsanja ikhoza kukhala ikunena zoona. Kc wa 0.95 amachokera m'buku la FAO la nambala 56 la mu 1998, lolembedwa ndi Allen, Pereira, Raes ndi Smith. M'bukumo khofi wopaliridwa ali ndi 0.90 mpaka 0.95, ndipo wokhala ndi udzu pansi ali ndi 1.05 mpaka 1.10. Manambalawa ndi a mbewu yokhwima, yosasowa madzi, m'nyengo imene mphepo ndi chinyezi zili pakatikati. Munda wa zaka zinayi umene masamba ake sanakumane, wothiriridwa modontheza kotero kuti malo onyowa ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kupitirira pang'ono, sungayembekezereke kufika pamenepo. Buku lomwelo lili ndi njira yogawa Kc pawiri, gawo la madzi odutsa mumtengo ndi gawo la madzi ouluka pa dothi, ndipo imeneyo ndiyo yoyenera munda wotere.

Koma nkhani ya masiku otentha ili ndi chifukwa china chimene chili mumtengo momwemo. ETo amawerengedwa pa kapinga wongoyerekeza wa masentimita 12, amene timabowo ta pamasamba ake timatengedwa kuti n'totseguka mofanana nthawi zonse. Khofi wa Arabica kwawo ndi pansi pa mitengo ya m'nkhalango za kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa Ethiopia, ndipo mpweya ukauma kwambiri amatseka pang'ono timabowo take ngakhale mizu ili m'chinyezi. Choncho ETo akamakwera masana a tsiku louma, mtengowo sumutsatira mpaka pamwamba. Akafukufuku a ku Brazil anaonetsa kuti Kc wa khofi amatsika pamene ETo wakwera. Munthu wochulukitsa ETo ndi nambala imodzi yosasintha amathira madzi opitirira muyeso pa masiku amenewo, ndipo madziwo amangodutsa mizu n'kutenga feteleza kupita naye pansi.

Dontho_ndi_Dontho:
Ndiye kuti a Mthirira_Khofi achepetse madzi basi?

Tsamba_Lobiriwira:
Ayi, osati msangamsanga, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti timvetsane bwino. Nsanja imayeza madzi amene munda wagwiritsa ntchito, siyeza madzi amene mtengo umafuna. Mtengo wokhuta umene watseka timabowo chifukwa cha kuuma kwa mpweya, ndi mtengo waludzu umene watseka timabowo chifukwa dothi lauma, yonse iwiri idzaonetsa nthunzi yochepa pa nsanja. Mukachepetsa madzi chifukwa nsanja yaonetsa zochepa, pamene chifukwa chake chinali ludzu, sabata yotsatira idzaonetsa zochepa kuposa pamenepo, inu mudzachepetsanso, ndipo mudzazindikira mochedwa pamene zipatso zakhala zazing'ono ndipo nthambi zayamba kuuma kunsonga. Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, yezani tsamba m'mbandakucha ndi pressure chamber (chipangizo chopanikiza tsamba kuti chionetse kukula kwa ludzu la mtengo), pamene mtengo wapuma usiku wonse ndipo madzi ake afanana ndi a m'dothi. Ngati m'mbandakucha mtengo uli bwino koma masana nthunzi ndi yochepa, ndiye kuti ndi chikhalidwe cha khofi. Ngati m'mbandakucha momwe ukuonetsa kupanikizika, vuto lili pa madzi.

Mlimi_Wakale:
Izi ndi zimene ndimanena zija. Mwabwerera pa mtengo ndi pa dothi.

Woyeza_Mphepo:
N'zoona a Mlimi_Wakale, ndipo palibe amene akukana. Dothi limatiuza nthawi yothirira, pamene nsanja imatithandiza kupeza Kc weniweni wa mundawo, amene adzagwirabe ntchito nsanjayo itachotsedwa.

Maluwa_Oyera:
Ndiloleni ndionjeze mbali imene siikhudza zipangizo. Pa khofi si nthawi zonse pamene timafuna kubweza madzi onse amene auluka. Mphukira za maluwa zikakula zimagona, ndipo zimafuna nyengo youma kenako mvula kapena mthirira wokwanira kuti zidzuke, ndipo maluwa amatseguka patapita masiku pafupifupi 8 mpaka 12. Munda umene umathiriridwa mosalekeza umachita maluwa pang'onopang'ono maulendo ambiri, moti pokolola mumapeza zakupsa, zosapsa ndi zouma pa nthambi imodzi. Kudera la Cerrado ku Brazil alimi amasiya dala kuthirira kwa miyezi iwiri ndi kupitirira pang'ono m'nyengo yozizira ndi youma, kenako n'kuyambiranso, kuti maluwa atuluke pamodzi. M'nyengo imeneyo nsanja idzaonetsa nthunzi yochepa, ndipo limenelo si vuto koma cholinga. Nthawi imene madzi sayenera kusowa ndi pamene zipatso zikufufuma mofulumira, chifukwa ndi pamene kukula kwa njere kumakhazikika, ndiponso pamene njereyo ikudzaza.

Robusta_Yekha:
Pa khofi wa mtundu wa Robusta nkhaniyi imaoneka mwanjira ina. Kumapiri a pakati pa dziko la Vietnam, alimi amathirira m'miyezi youma ya kumayambiriro kwa chaka, maulendo ochepa koma ndi madzi ambiri pa mtengo uliwonse, ndipo ambiri mwa madziwo amapopedwa m'zitsime. Kumeneko nkhawa ya akatswiri yakhala yakuti alimi amathira mopitirira zimene mtengo ukufuna, ndipo madzi a pansi panthaka amatsika m'chilimwe. Ndikutchula zimenezi kuti tisaganize kuti kuthira mopitirira ndi kulakwitsa kopanda mtengo. Kumadya mafuta a pampu, feteleza ndi madzi a anthu ena.

Nthaka_ndi_Madzi:
Zoona, koma tibwerere ku munda wa a Mthirira_Khofi. Kodi pa paipi yaikulu pali mita ya madzi? Ndikufunsa chifukwa ambiri amadziwa maola amene pampu yayenda, koma sadziwa malita amene afika pa mtengo. Timabowo todontheza timatsekeka, mphamvu ya madzi imachepa kumapeto kwa mzere, ndipo chiwerengero cha papepala chimasiyana ndi cha m'munda. Tcherani timakapu pansi pa timabowo ta kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa mizere ingapo, muyeze zimene zatuluka pa nthawi yofanana. Kenako kwirirani ma tensiometer, zipangizo zoonetsa mmene dothi laumira, pa misinkhu iwiri, wina pamene pali mizu yambiri, wina kunsi kwa mizu. FAO imatenga mizu ya khofi kuti imafika mamita 0.9 mpaka 1.5, ndipo imalangiza kuthirira mtengo usanamwe zopitirira 40 peresenti ya madzi amene dothi lingaupatse. Wakunsiyo akamaonetsa kunyowa nthawi zonse mukathirira, ndiye kuti madzi akudutsa mizu, ndipo umenewo ndi umboni wosadalira nsanja wakuti mukuthira mopitirira. Kumbukirani kuti tensiometer imasiya kugwira bwino ntchito dothi likauma kupitirira 80 kPa pa muyeso wake.

Mthirira_Khofi:
Mita ilipo pa paipi yaikulu, ndipo tili ndi ma tensiometer pa msinkhu umodzi wokha wa pamwamba. Ndikufuna kumvetsa bwino mmene mamilimita amasandukira malita pa mtengo umodzi pamene malo onyowa ndi ochepa chonchi.

Dontho_ndi_Dontho:
Mtengo uliwonse uli ndi malo a masikweya mita atatu, popeza mwatalikiranitsa mamita 3 ndi mita imodzi. Tsiku limene ETo ndi mamilimita 5, Kc wa 0.95 akupatsani mamilimita 4.75, omwe ndi malita 14.25 pa mtengo. Zitapezeka kuti Kc weniweni wa munda wanu ndi 0.75, ndikungopereka chitsanzo, ndiye mamilimita 3.75, malita 11.25. Kusiyana kwa malita atatu pa mtengo kumaoneka kochepa, koma pa hekitala pali mitengo yoposa 3,300, ndiye ndi makyubiki mita 10 tsiku lililonse. Pamwamba pake muonjezere pang'ono zotayika, poti mthirira wodontheza wosamalidwa bwino umawerengedwa kuti umafikitsa pafupifupi 90 peresenti. Kuchepa kwa malo onyowa musakuchotsenso kachiwiri ngati kwalowa kale mu Kc. Chimene kumasintha ndi kuchuluka kwa madzi amene dothi lingasunge pa ulendo umodzi, ndiye mumathira pang'ono koma pafupipafupi.

Diso_la_Kumwamba:
Palibe amene watchula masetilaiti. Njira monga SEBAL ndi METRIC zimawerenga mphamvu zomwezi pogwiritsa ntchito kutentha kwa pamwamba pa munda, ndipo zingaonetse mbali za munda zimene nsanja siiona.

Woyeza_Mphepo:
Zimathandiza poyerekeza mbali imodzi ya munda ndi inzake, koma setilaiti imodzi ya Landsat imadutsa pamalo kamodzi pa masiku 16, chithunzi chake cha kutentha chimaphatikiza malo a mamita 100 m'kadontho kamodzi, ndipo mitambo ikakhalapo tsiku limenelo palibe chimene mwapeza. Pa munda umene malire ake ali pa mamita 150, timadontho ta m'mphepete tidzasakaniza khofi ndi malo ouma aja.

Tsamba_Lobiriwira:
Malo oumawo ali ndi chinthu chinanso. Mphepo yotentha yochokera kumeneko ikalowa m'munda wothiriridwa imabweretsa mphamvu yoonjezera pa ya dzuwa, moti mizere ya m'mphepete ikhoza kutaya madzi ambiri kuposa ya pakati pamene pali nsanja. Ngati mungapeze zipangizo za sap flow, zimene zimayeza madzi okwera mutsinde pogwiritsa ntchito kutentha, ikani zina pa mitengo ya m'mphepete ndi zina pafupi ndi nsanja. Zidzakupatsaninso gawo la madzi odutsa mumtengo palokha, ndipo mukalichotsa pa chiwerengero cha nsanja mudzatsala ndi madzi ouluka pa dothi, amene mungawachepetse pophimbira nthaka popanda kumana mtengo kanthu. Sankhani mitengo ya misinkhu yosiyana, chifukwa mtengo umodzi kapena iwiri singaimire munda wonse.

Mthirira_Khofi:
Ndathokoza kwambiri nonse. Sindichepetsa madzi m'munda wonse panopa. Ndiyamba ndi kugawa zotsatira motsatira mphepo, kuika timbale tina pakati pa mizere, ndi kukwirira ma tensiometer kunsi kwa mizu. Ndisankhanso mizere ingapo kutali ndi nsanja imene idzalandira madzi ochepa motsatira chiwerengero chokonzedwa, ndipo ndidzayerekeza masamba ake m'mbandakucha ndi a mizere ina.

Maluwa_Oyera:
Kuyesako musakuyambe pamene zipatso zikufufuma. Ndipo mizereyo muisiye mpaka zokolola ziwiri, chifukwa Arabica amabereka kwambiri chaka china n'kuchepetsa chaka chotsatira, komanso zipatso za chaka chamawa zimabadwa pa nthambi zimene zikukula chaka chino. Ngati madzi aperewera, zidzaoneka poyamba pa kutalika kwa nthambi zatsopano ndi kuchuluka kwa mfundo zake, choncho muziwerenge pa mizere yonse iwiri kuyambira tsiku loyamba.